Mpata Pakati pa Nyumba Ziwiri

Ndinachoka ku Uliwa patangopita milungu itatu bambo anga ataikidwa m'manda, ndipo ndinatha zaka zinayi ku Joni osabwerako. Ndinali mtolankhani wongotumiza nkhani za ku Karonga, wopanda kamera yangayanga, ndipo ndinkafuna kuphunzira kujambula. Amama sanandiletse. Anangoti, "Pita, Wongani. Ukakhala pano uzingoyang'ana manda."

Ku Joni ndinkagwira ntchito m'shopu yotsuka zithunzi mpaka masana, kenako n'kukalowa m'kalasi. Chipinda ndinkagona ndi anthu atatu osamvana nawo chilankhulo. Ndalama ndinkatumiza mwezi wina, mwezi wina ayi. Lamlungu lililonse ndinkaimba foni, ndipo yankho silinkasintha: "Tili bwino, usadandaule."

Chaka chomaliza tinaphunzira panorama, chithunzi chachitali chopangidwa polumikiza zithunzi zambiri. Kamera umaiika pa miyendo yake itatu n'kumaitembenuza pang'onopang'ono. Chithunzi chilichonse chimayenera kubwereza mbali ya chinzake, kuti kompyuta ipeze chinthu chofanana, mtengo kapena ngodya ya nyumba, n'kusokerera pamenepo. Mphunzitsi anati ntchito yomaliza ikhale ya malo amene munthu akuwadziwa bwino. Ndinasankha pakhomo pathu. Ndinali nditawerengera kale: nyumba yathu kumanzere, ya bambo aang'ono kumanja, mtengo wa mango pakati.

Ndinafika Lolemba. Mtengowo panalibe, ngakhale chitsa.

M'mawa mwake ndinaitana onse pabwalo. Bambo aang'ono, mng'ono wa malemu bambo anga, anaima ndi banja lawo kumanja. Amama ndi mlongo wanga Lusungu anakaima kutali kumanzere, pakhomo pa khitchini.

"Amama, sendererani kuno."

"Pano pali bwino."

"Jambula, wa ku Joni," anatero bambo aang'ono. "Kapena kamerayo imafuna titapsa ndi dzuwa?"

Ana awo anaseka. Ndinajambula zithunzi khumi ndi zinayi, kuyambira kumanzere mpaka kumanja.

Masana ndinaziika pa kompyuta. Inatulutsa zithunzi ziwiri m'malo mwa chimodzi. Ndinayesanso katatu, koma sizinagwirane. Pakati panali dothi losesedwa ndi thambo loyera basi, popanda choti makina agwirepo.

Lusungu anaima kumbuyo kwanga akuyang'ana.

"Chavuta n'chiyani, achimwene?"

"Mbali yathu ikukana kulumikizana ndi ya bambo aang'ono."

"Ndiye makina anuwo ndi anzeru kuposa inu."

Anakhala pansi n'kundiuza mwadongosolo. Mtengo anaudula bambo aang'ono m'chaka changa chachiwiri, anawotchera njerwa. Kenako anati nyumba ya mkulu wawo ndi ya mtundu, ndipo alowamo mwana wawo woyamba, amene akukwatira. Amama akhala akugona m'khitchini kuyambira dzinja lapitalo. Bedi lawo analibweza m'nyumba Lamlungu, atamva kuti ndili m'njira.

Ndinakawapeza Amama akusankha mpunga.

"Bwanji simunandiuze?"

"Ukanasiya sukulu."

"Zaka ziwiri chidulireni mtengo, Amama."

"Ndiye ukanabwera ndi chiyani? Manja?"

Sanadzutse mutu. Khoma la khitchiniyo linali lakuda ndi utsi, ndipo pamsomali panapachikidwa zovala zawo za kutchalitchi.

Kukonza chithunzi chotere n'kosavuta. Umatenga dothi la mbali ina n'kulimata pampatapo, ndipo mkati mwa ola limodzi palibe angadziwe kuti panali msoko. Tinaphunzitsidwa zimenezo ndipo ndimazitha bwino. Ndinatseka kompyuta osachita.

Basi yanga yobwerera ku Joni inali ya Lachinayi, chifukwa ntchitoyo imaperekedwa Lolemba likubwerali, wophunzira ali pomwepo. Wolephera amabwereza chaka. Basiyo inadutsa pa Uliwa dzulo cha m'ma 9 koloko, ine ndili pabwalo ndikukonza chitseko cha khitchini.

Mawa Loweruka akuluakulu a banja akumana. Bambo aang'ono akufuna Amama abwerere kwawo ku Mlare, kumene abale awo onse anatha. Pamsonkhano wotero mkazi wamasiye amakhala pambali osayankhula. Lusungu naye sadzafunsidwa. Ine andilola kuyankhula kamodzi, akulu onse akatha. Amama asita kale shati yanga, ndipo amanga zovala zawo m'chitenje.