Njira Yopita Kwathu

Dzulo mwana wanga anagula kapenta, fungo lake n'kundibwezera m'giredi 4.

Mvula itagwetsa nyumba yathu ku Kapata, ine ndi amayi tinkagona kumsika, pansi pa tebulo lomwe ankagulitsirapo kapenta. Yunifolomu ndi makope omwe zinkanunkha nsomba.

Tsiku lina aphunzitsi anati aliyense ajambule njira yochokera kusukulu kukafika kwawo. Ndinajambula mosamala msewu, mjigo, kenako tebulo lathu.

Iwo ananyamula kope langa ndi zala ziwiri, atakwinya mphuno.

"Iwe, ndati kwanu, osati kumsika! Kumsika kumagona agalu. Fufuta, ujambule nyumba."

Anzanga anafa nako kuseka. Ndinafufuta tebulo la amayi mpaka pepala linabooka, pambali pake n'kujambula nyumba yamalata ya mawindo anayi.

Aphunzitsi anachonga ndi cholembera chofiira.

"Waona? Tsopano wakhoza."