Pa 6 Julaye Zalhata Sayatsa Moto

Chaka chikangoyamba, a Soilihi amatsitsa kalendala pakhoma n'kuzunguliza ndi cholembera masiku onse a tchuthi. Ndi kalaliki wa boma mumzinda wa Moroni, ndipo masikuwa amawadziwa ngati mayina a ana awo: zikondwerero za Chisilamu za Miraji, Maulidi ndi Idi ziwiri, tsiku la apantchito, tsiku la ufulu.

Mkazi wawo, Zalhata, nayenso amawadziwa, koma amawadziwira m'manja. Kwa iye Maulidi ndi mpunga wosankha mpaka maso kuchita chidima. Idi ya mbuzi ndi matumbo otsuka. Ngakhale tsiku la apantchito amathera pamoto, poti a Soilihi amabwera ndi anzawo a ku ofesi kudzapumira pakhonde, ndipo munthu sapuma ndi njala.

Tsiku lake linali limodzi lokha, pa 6 Julaye. Tsiku la ufulu lilibe chakudya chake. Palibe gogo amene anasiya mwambo wa chophika patsikuli. A Soilihi amalawirira kukaonera perete n'kudyera komweko. Choncho kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, pa 6 Julaye Zalhata sankayatsa moto. Ankakwera takisi kupita ku Fumbuni kwa mkulu wake Mwanaesha, amene anamulera mayi awo atamwalira. Mwanaesha anafa ziwalo mbali imodzi zaka zinayi zapitazo, ndipo salola wina aliyense kumuluka tsitsi. Awiriwo ankagona pamkeka tsiku lonse, kudya zotsala za dzulo, kujeda mudzi wonse.

Koma Idi yotsekera mwezi wosala sikhala malo amodzi. Chaka ndi chaka imabwerera m'mbuyo masiku khumi ndi limodzi, ndipo Zalhata ankaiona ikubwera. Inafika kumapeto kwa Julaye. Kenako pakati. Chaka chotsatira cholembera cha a Soilihi chinazunguliza malo ozunguliza kale.

"Atibera!" anatero a Soilihi. "Tchuthi ziwiri tsiku limodzi. Munthu upuma liti?"

"Wakuberani ndani, bambo a Faiza? Mwezi?"

"Musaseke. Komabe mwina mweziwo suoneka msanga, Idi n'kugwa pa 7. Tikatero tapulumuka."

"Ikagwa pa 7, zophika zonse ndiphika pa 6."

"Inu amake Faiza, m'mutu mwanumo muli mapoto okhaokha."

"Mapoto omwewo ndi amene mumaitanira anzanu."

A Soilihi anaseka, n'kupachika kalendala yawo.

Kusala kutatsala pang'ono kutha, Mwanaesha anaimba foni. Mawu ake anali atayamba kukoka.

"Ubwera, iwe? Mutu wangawu makoswe ayamba kufunsa mtengo wa lendi."

"Ndibwera, achemwali."

"Usandinamize. Chaka chino ndikudzimva ndekha kuti sindili bwino."

"Ndati ndibwera. Likapendeka dzuwa ndili pakhomo."

Mwezi unaoneka, wailesi inalengeza, Idi inagwa pa 6. Zalhata anali atawerengera kale. Anayamba masiku atatu m'mbuyo, akusala ngati wina aliyense: kusinja mpunga wa mkate, kupala kokonati mpaka zala kusupuka, kukulunga masambusa mazana awiri osalawa ngakhale imodzi. Anachapa makatani. Anasita mkanjo woyera wa a Soilihi, n'kuikapo pamwamba chipewa cha kofia chimene anachipeta miyezi inayi. Mwana wake Faiza ali kunja ku Marseille, womuthandiza panalibe. Anaganiza kuti alendo akadya atachoka ku mzikiti, pofika masana adzakhala atamasuka.

Alendo anabweradi. Anayamba alamu ake ndi ana awo asanu. Asanatuluke, analowa abwana a ku ofesi. Ana a m'mudzi ankagogoda magulumagulu kufuna maswiti. Aliyense wolowa ankafuna kapu yotsuka ndi khofi wotentha.

"A Soilihi, nyumba yanu imadziwa kulandira alendo," anatero abwanawo, chitowe chili pandevu. "Nanga kofiayi munaigula kuti?"

"Aa, n'zapakhomo pompano izi," anayankha a Soilihi, osacheuka n'komwe.

Itakwana 3 koloko, Zalhata anadzaza mbale zonse, anavundikira, anadzazanso fulasiki. Anakulunga mkate wa mpunga m'kansalu, anaika chipeso ndi kabotolo ka mafuta m'chikwama, n'kutulukira khomo lakuseri. Sanatsanzike, podziwa kuti kutsanzika kubala ntchito ina.

Pamalo okwerera matakisi a kummwera anapeza mbuzi ziwiri ndi mapepala ouluka. Zaka zonsezo patsikuli pankadzaza magalimoto obweza anthu a ku perete. Anaima. Anakhala pamwala. Anaimanso. Patapita nthawi panatulukira takisi imodzi, yodzaza ana ovala zatsopano, woyendetsa ali mumkanjo wake.

"Ku Fumbuni, bambo?"

"Ku Fumbuni lero? Mayi, mwagwa kuchokera kumwezi komweko? Awa ndi ana anga, tikupita kwa apongozi."

"Ndilipira mipando iwiri. Itatu."

"Ngakhale galimoto yonse. Lero ndi tchuthi, mayi, tchuthi kawiri! Pitani kunyumba mukapume."

Anadikirabe mpaka mthunzi wa khoma unamupeza pamwalapo. Kenako ananyamuka kubwerera kunyumba, nalowera khomo lomwe anatulukira. Pakhonde panali patafika alendo ena. Palibe amene anadziwa kuti anachokapo.

"Amake Faiza!" anaitana a Soilihi. "Fulasikiyi yauma kalekale. Mwagona kodi?"

M'chikwama foni inayamba kulira. Zalhata anaitulutsa pamodzi ndi chipeso chija, nawerenga dzina la mkulu wake. Anaiika pawindo ikulirabe, n'kugwada kukoleza makala.