Manja M'matumba pa Manda a Amayi

Ndinadzuka kusanache, pansi pa tebulo lodyera, poti ndi malo okhawo amene anatsala m'nyumba ya amayi ku Evington, kuno ku England. Anthu anagona pasiwa mpaka pa masitepe. Siwa yake inali ya mtundu watsopano, yopanda nyimbo. Anthu ankangotsokomola mosinthana.

Ndifotokoze kaye. Amayi anga ankagwira ntchito yosamalira nkhalamba. Lachinayi madzulo azimayi a mpingo wathu ankabwera kwathu kudzamwa tiyi ndi kubwereza ulaliki wa Lamlungu. Vuto n'lakuti amayi sankangobwereza, ankakonzanso. Abusa akati wojomba kutchalitchi chifukwa cha shifiti wasankha dziko, amayi ankatsegula Baibulo n'kusonyeza kuti kusambitsa nkhalamba ya eni Lamlungu m'mawa ndi pemphero ndithu. Kenako amuna ena anayamba kubwera, monamizira kudzatenga akazi awo. Akulu a mpingo anawaitanira kubwalo n'kuwauza kuti mkazi saphunzitsa. Amayi anafunsa kuti nanga Timoteo anamuphunzitsa ndani. Anawadula mu mpingo. Khansa inawapeza ali chidulidwire.

Ine ndinapitako ku yunivesite ku Loughborough, ndipo ine ndi sukuluyo tinasiyana mwamtendere chaka chisanathe. Koma phunziro limodzi ndinalimva. Kalekale mzamba wina wochokera chigawo chomwe chino cha England anawoloka nyanja kupita ku America ndi Akhristu okhwimitsa malamulo otchedwa Apuritani, n'kuyamba zomwezi m'nyumba mwake. Amuna anamuzenga mlandu n'kumupirikitsira kutchire. Nditawauza amayi, anangoti, "Ndiye kuti silabasi sanasinthe."

Lamulo la mpingo wathu ndi ili: wodulidwa saimbiridwa, sapemphereredwa, ndipo abusa samuponyera dothi. Abusa anadwala mutu mwaulemu, n'kutumiza mkulu wa mpingo, bambo wamtali wa jekete lakuda, kuti adzaonetsetse. Iye anachenjeza kuti woyambitsa nyimbo adulidwa naye. Kuno kudulidwa si nthabwala. Mpingo ndiwo mudzi wako. Ukadwala, ukabereka, ukafa, ndi anthu omwewo basi.

Chimene chinkandidya ine ndi agogo ku Ntcheu, amayi awo a amayi anga. Maso anawathera, ndipo za kudulidwaku palibe anawauza. Msuweni wanga anakonza zoti amvetsere mwambo wonse pa foni. Agogo ankadikira kumva mwana wawo akuikidwa ngati Mkhristu.

Kutayera, azimayi anayatsa mbaula za gasi m'galaja, popeza kunja mvula inkawaza. Alamu ya utsi inalira, ndipo palibe anaidula mu mpingo. Magalimoto anayamba kufika, a ku Nottingham, a ku Derby, anesi ena akuchokera kushifiti maso ali psuu. Azimayi achisilamu a ku Spinney Hill, anzawo a amayi akuntchito, anabweretsa mpunga, n'kukhala pakona akudabwa kuti Akhristu lero ali zii bwanji.

Mkulu wa mpingo ndinamupeza kuseri, pafupi ndi mabini a zinyalala. Ndinagwada pa simenti yonyowa, ine amene sindigwadira ngakhale chingwe cha nsapato. Ndinapempha ndime imodzi yokha ya nyimbo, yoti agogo amve.

"Mwana wanga," anatero, "si ine. Ndi dongosolo."

Anandidzutsa bwinobwino, n'kundiuza kuti buluku lada.

Galimoto ya maliro inayenda pang'onopang'ono, ife pambuyo. Pa siteji ya basi mzungu wina wachikulire anavula chipewa. Ndinaganiza kuti mwina mwambo wa amayi ndi womwewo, wathera pamenepo.

Kumanda amuna anaima kutsogolo, azimayi kumbuyo ndi maambulera. Bokosi linatsitsidwa. Foni inali m'manja mwanga, ndipo mawu a agogo anamveka kwa aliyense: "Kodi abusa afika? Ine sindikumva kanthu."

Kuno dothi loyamba sulitola pansi. Munthu wa kumanda amabwera nalo m'kabokosi, n'kupatsa wotsogolera mwambo. Mzungu wakeyo anayang'ana gulu, n'kusankha wamtali wa jekete lakuda. Mkulu wa mpingo anapisa manja m'matumba. Mzungu anasunthira kwa wotsatira, nayenso manja m'matumba. Kabokosi kanayenda mzere wonse. Sindinaonepo amuna akuzizidwa manja nthawi imodzi chonchi.

"Kodi foni yafa?" anafunsanso agogo.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndipemphere ndekha. M'mutu munangobwera pemphero lodalitsa chakudya. Ndinaima pamenepo kukamwa yasa, amayi anga ali pansi apo, mvula ikugogoda pa bokosi.

Ndiye kumbuyo kunamveka, "Pepani, nipiteko." Anali Anti Misozi, nesi wa ku Chipata, wamasiye, amene m'bale wawo yekha m'dziko muno ndi mpingo womwewo. Anadutsa pakati pa amuna, n'kupatsira mkulu wa mpingo ambulera yawo kuti awagwirire. Iye anailandira asanaganize. Anti anatapa dothi, n'kunena mawu onse amene abusa amanena, osaphonya. Anaponya. Kenako anayambitsa nyimbo, pamwamba kwambiri, mawu n'kusweka.

Kwa kanthawi anaimba okha. Kenako wina analowa, winanso. Si onse ayi. Ena anayang'ana amuna awo n'kuwerama. Mkulu wa mpingo ankayang'ana nkhope iliyonse yoimba, mosafulumira. Ine ndinakweza foni m'mwamba mpaka mkono unachita dzanzi.

Madzulo anthu anabalalika msanga, ambiri osatsanzikana. Anti Misozi anatsala akutsuka makapu. Uthenga unalowa pa foni yawo, anauwerenga, n'kupukuta manja. Aitanidwa kubwalo Lamlungu. Ndinayamba kupepesa, iwo anati ndisiye zopusa ndikatulutse zinyalala. Anavala jekete n'kupita kukakwera basi ya kushifiti.

Ndinakhala ndekha pabalaza, mipando yobwereka itasanjikizana kukhoma. Foni inalira.

"Abusa aja," anatero agogo, "mawu awo ngati a mkazi."

"Ndi mkazi, agogo."

Ndinkamva nkhuku za ku Ntcheu zikulowa m'khola.

"Mwana wanga wapita bwino," anatero. "Koma ukawauze, nyimbo ija sayambira pamwamba."

Foni itaduka, m'nyumba munangotsala kulira kwa firiji.