Kaki ndi Fumbi

Nditangokwatiwa tinkakhala ku Ndola, nkhondo yaikulu ya dziko lonse ija ili mkati. Amuna anga anali kalaliki, ophunzira ku mishoni kwathu ku Nyasalande, ndipo Chingerezi ankachinyadira kwabasi. Ine ndinali ndi makina osokera a pamanja. Nsalu ndinkagula m'sitolo ya mmwenye wina, koma amene ndinazolowerana nawo anali akazi ake, mayi onenepa okonda kuseka. Tinkamvana m'Chibemba chothyokathyoka, iwo chawo, ine changa.

Loweruka lina amuna anga anandiperekeza kuti akasankhe okha nsalu ya buluku. Atafika anatchula mokweza m'Chingerezi kuti akufuna kaki. Kenako ananditembenukira n'kuyamba kundiphunzitsa katchulidwe ka Azungu ka mawuwo.

Mayi aja anaseka mpaka kuika lumo pansi. "Bambo, mawu amenewo ndi akwathu," anatero. Anapaka chala pa shelefu n'kutionetsa fumbi. "Tanthauzo lake ndi ili. Azungu anawatola kwathu pamodzi ndi nsaluyo."

Anatsitsanso nsalu ya kaliko n'kunena kuti dzinalo ndi la mzinda wapadoko kwawo, kumene zombo zinkanyamula nsalu. Pijama nayenso anati ndi wawo, chovala cha miyendo. Atafika pa shampu anandigwira mutu n'kuyamba kundisisita ndi zala, nkhani yake kuti kwawo mawuwo amanena kusisita. Duku langa linagwa, ine kuseka osaleka.

Amuna anga sanaseke. Anangonyamula mtolo m'khwapa, ulendo wobwerera kunyumba.

Lolemba anabwera kuchokera ku ntchito nkhope itamasuka. Anali atatsegula buku lalikulu lomasulira mawu la mu ofesi.

"Mayi, amwenye aja sananame," anandiuza akuvula nsapato. "Zonse zilimo. Ndapezanso zina."

Ankaoneka ngati munthu amene watula katundu. Anati ngati Azungu amabwereka mawu kwa anzawo, ndiye kuti ifenso tikamati sitolo kapena buluku sitikupemphetsa.

Kuyambira pamenepo ankandituma ndi kapepala ka mawu kuti ndikafunse. Ena mayi aja ankawavomera, ena ankapukusa mutu kuti sakuwadziwa. Pobweza, iwo ankandifunsa mayina a ndiwo zamasamba za kumsika, ndipo chisoso chinawavuta kutchula chaka chathunthu. Masana ambiri ndinawathera pa benchi ya m'sitolomo, tikumwa tiyi wa tsabola amene poyamba ankandiwawa pakhosi.