Rota m'thumba la ovolosi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pamwamba pa lole ya chimanga. Chinali chaka chotsatira chisankho cha matipate, nditangomaliza kuphunzira umakaniko kwathu ku Nkhotakota, pepala lili m'manja koma ntchito osaoneka. Dalaivala wa loleyo ndiye anandiuza kuti pa Zalewa pali a Saidi, eni golosale ndi kagalaja, ndipo makaniko wawo anapita ku Joni osatsanzika. Ndinakwera tsiku lomwelo, masipanala anga anayi ali m'chikwama.

Galaja yake inali shedi ya malata kuseri kwa golosale, ndipo ine ndinkagona m'kachipinda kosungiramo matayala. Ndinatha miyezi itatu osamva dzina langa pakamwa pa munthu. Aliyense ankangoti "amakaniko". Lamulungu ndinkakhala pa tayala n'kumayang'ana malole opita ku Mwanza, popanda wocheza naye. Ndinasungulumwa zedi, sindinama. A Saidi nawonso sanali munthu wa nkhani. Chimene ankabwereza ndi lamulo lawo limodzi: "Galimoto ikakana kulira usamalote. Yamba batire, kenako moto, kenako mafuta."

Lachisanu lina mu Okutobala, masana dzuwa likuswa mtengo, a Saidi ali kumzikiti, munthu wina anabwera kudzandiitana. Pamphambano panaima pikiapu yakale ya petulo, masamba atasomeka kutsogolo, bokosi la maliro lili kumbuyo. Anamalirowo ankachokera ku Blantyre kupita kumudzi wina kufupi ndi Matandani. Anangoima kuti amwe madzi, basi galimoto n'kukaniratu. Anali atakankha kale kawiri, osaphula kanthu.

Ndinatsegula boneti. Matemino, pomangira mawaya a batire, anali olimba, sitata ikuzungulira bwinobwino. Ndinazula waya wa pulagi imodzi, kuuyandikiza pachitsulo cha injini, dalaivala wa pikiapuyo n'kupotokola kiyi. Moto kunalibe. Pamene ndinkatsegula chivindikiro cha disitiribyuta, chipangizo chotumiza moto ku mapulagi, makutu anga anali kumbuyo. Mchemwali wa malemu ankauza anthu kuti achimwene ake akukana kupita, ndipo akukana chifukwa m'galimotomo muli munthu amene sakumufuna. Sanatchule dzina, koma maso onse anapita kwa mayi wina wachitsikana amene anakhala pakona, chitenje atafunda kumutu. Anali mkazi wa malemuyo, wa ku Kasungu, ndipo mwa anthu onsewo panalibe wachibale wake ngakhale mmodzi.

Vuto ndinalipeza msanga. Kasikuluu ka mapointi, tizitsulo tiwiri timene timayenera kutseguka ndi kutsekeka kuti moto utuluke, kanamasuka ndi mabampu, mapointi n'kutsekeka osatsegukanso. Ndinachotsa rota, kachipangizo kozungulira kamene kamagawa moto ku mapulagi, n'kuiika m'thumba la ovolosi kuti isagwere mumchenga. Ndinapala mapointi ndi sandipepa, kuyeza mpata ndi kakatoni ka paketi ya ndudu, n'kumanga sikuluu. Chinatsala n'kubwezera rota basi.

Nditadzutsa mutu ndinaona mayi uja ataima pansi yekhayekha, pambali pa msewu. Amalume a malemu anali atamuuza kuti atsike kaye, aone ngati mphwawo angalole. Kenako anauza dalaivala kuti ayesenso.

Ine ndekha ndinkadziwa kuti galimotoyo yachira. Ndikanangobwezera rota, ikanalira nthawi yomweyo mayiyo ali pansi, ndipo palibe akanakhulupirira za mapointi. Akanamusiya pa Zalewa pomwepo, osaika nawo mwamuna wake, n'kumutcha mfiti moyo wake wonse. Ndinatenga chivindikiro n'kutseka disitiribyuta, rota ili m'thumba mwanga.

Dalaivala anapotokola kiyi. Sitata inazungulira, injini zii. Anayesanso, zii. Kachitatu ndinamva sitata ikuyamba kulemera. Batire ikanafa ndiye kuti ndawagoneka pamsewu ndi maliro pakutentha kotero. Ndinakweza dzanja kuti aleke.

"Bambo," ndinatero kwa amalumewo, "mwaona nokha kuti si mayiwa. Akwere, dzuwali liwapweteka. Ntchito idakalipo."

Anandiyang'ana nthawi ndithu, ngati akufunsa kuti mlendo ameneyu akulowerera bwanji za eni. Koma anthu anali ataona. Anakodola mayi uja, iye n'kukwera kubwerera pakona pake.

Ndinawerama, kutsegula chivindikiro, kunamizira kupukuta m'kati ndi kansanza, n'kubwezera rota pamalo pake. Ndinauza dalaivala kuti ayese. Inalira kamodzi n'kamodzi.

Kenako amalume aja anavula chipewa n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ndiye kuti mphwangayu amakana kusiya mkazi wake pamsewu." Amayi awiri anasendera, kumukhazika mayiyo pafupi ndi bokosi, kumutu. Apo m'pamene anayamba kugwetsa misozi. Sanandiyang'ane, ndipo sanadziwe kanthu. Pikiapu inakhotera mumsewu wafumbi wa ku Neno, ine n'kutsala ndi sandipepa m'manja.

A Saidi atabwera ndinawafotokozera zonse, ndikuopa kuti andikalipira. Anandidzudzuladi pa za batire, ati katatu n'kochuluka, kawiri kakanakwana. Atatero analowa m'golosale, n'kutulukira pakhomo ndi makapu awiri a tiyi. "Lufeyo, bwera udzamwe." Sindinkadziwa n'komwe kuti dzina langa amalikumbukira.

Pano ndili ndi galaja yangayanga, ndipo amene ndimawaphunzitsa ndimawapatsa lamulo lomwe lija: batire, moto, mafuta. Ndimangowonjezerapo chimodzi, chimene sichili m'buku lililonse la umakaniko. Usanauze dalaivala kuti apotokole kiyi, dzutsa mutu uone amene waimitsidwa pansi.