Kapepala Kachikasu Pachipumi pa Tadala

Ndili mu labu yathu ya ku yunivesite, ija tinamanga ndi thandizo lochokera kunja, koma pansi pamera udzu wofika m'mawondo. Mayi wina wotumidwa ndi opereka thandizo akumata timapepala tachikasu pa firiji, pa makina oyezera magazi, ngakhale pa mipando. Akuyenda, koma udzuwo sukugwedezeka.

"Pulojekiti yatha," akutero, ndipo mawuwo ndi a malemu mayi anga. "Chilichonse chomatidwa chibwerera kwa eni ake."

Tadala, mtsikana amene ndamuphunzitsa kafukufuku kuyambira ali m'chaka choyamba, wakhala phee pabenchi. Mayiyo akumumata kapepala pachipumi.

"Ameneyo si katundu!" ndikukalipa. "Ndamuphunzitsa ndine!"

"Ndi thandizo la ndani?" mayiyo akundifunsa.

Ndikuyesa kumatula kapepalako ndi chikhadabo, koma kamera mizu. Tadala akulowa yekha m'bokosi lamatabwa, akupinda miyendo bwinobwino.

"Musadandaule, adokotala," akundiuza. "Akuti kumeneko magetsi sazima."

Misomali ikudzikhoma yokha. Ndikugogoda bokosilo, ndikumuitana, koma mkatimo mukungomveka kulira kwa firiji.

Ndadzuka ndikudzikanda pachipumi, ndipo mpaka pano sindinayerekeze kuyang'ana pagalasi.