Galimoto Yokana Kulira Popanda Mayi

Ankawatchula kuti a Sipanala, chifukwa ngakhale pa ukwati wa mwana wawo wamkazi sipanala inkasuzumira m'thumba la jekete. Anali makaniko, koma ntchito yowadyetsa inali yokoka magalimoto otitimira m'matope. Mvula ikayamba, anzawo akudandaula za misewu, iwo ankangoimba mluzu.

Chokokera chawo chinali chigalimoto chakalekale choyendera mphamvu ya matayala onse anayi, chachikulu msinkhu kuposa ana awo onse. Chitseko cha dalaivala ankachimanga ndi waya, galasi loonera kumbuyo linali la m'bafa. Pakhomopo ankachitchula kuti Gogo. M'mawa uliwonse a Sipanala ankamutsegula boneti Gogoyo, kumuyeza oyilo, kumuthira madzi, kumukunga mabawuti, uku akumufunsa mmene wadzukira.

Tsiku lina Gogo anakana kulira. Akapotokola kiyi, zii. Anasintha batire, anamasula sitata n'kuipukuta, anayang'ana mafyuzi onse. Zii. Akazi awo, atatopa kudikira kuti awaperekeze kumsika, anangolowa n'kukhala pampando wakutsogolo.

"Bambo, ngati sitikupita nenani, nsapatozi zikundiluma."

A Sipanala anapotokola kiyi mopsa mtima, injini n'kulira bwinobwino.

M'mawa mwake ali okha, zii. Anaitana mayi, mayi n'kukhala, Gogo n'kulira. Basi, mayi analowa ntchito imene sanafunsire. Lole ikatitimira kwinakwake ankaphula mphika wosapsa n'kukwera, poti injini ikazima kumatopeko ailiza ndani? Ngakhale tsiku loti akangana, ankakhala pampandopo nkhope italoza kuwindo, Gogo n'kulira ndithu.

Kenaka mwana wawo uja anachira, mayi n'kupita kukathandiza kulera khanda. Sabata yomweyo mvula inagwa yosasewera, foni ya a Sipanala osapuma. Anaika matumba a simenti pampando paja. Zii. Anawaveka matumbawo diresi la mayi ndi mpango womwe. Zii. Anaitanitsa alamu awo, munthu wa mimba yake, amene atakhala galimoto inachita kupendekeka. Zii.

Apo ndi pomwe anaona akazi a telala woyandikana nawo nyumba akuyanika zovala pakhonde.

"Pepani mayi, tangokhalani pampandopa pang'ono. Palibe china, n'kukhala basi."

Mayiwo anakana, anakananso, kenaka anawamvera chisoni. Anakwera mwamanyazi n'kudzipanikiza kuchitseko kuti atalikirane ndi mwamuna wa mwini. Kiyi kungoti pang'ono, Gogo analira. Chimwemwe chake, a Sipanala anaponya giya n'kuliyatsa liwiro, kuiwala kuti anyamula munthu. Anadutsa msewu wonse anthu akuona, telala akuthamanga pambuyo, tepi ili m'khosi, mapini ali kukamwa.

Nkhani inawapeza mayi khanda lili m'manja, ndipo anabwerera ndi basi yoyamba.

"Ndamva mwapeza wina wokulizirani galimoto."

"Mayi, imeneyi ndi nkhani ya magetsi."

"Magetsi ake osankha akazi okhaokha? Achimwene anakhalapo, bwanji sanayake?"

A Sipanala anaitana telala ndi akazi ake kuti akhale mboni, anatenga sipanala n'kuzula mpando wonsewo. Pansi pake anapeza makoko a mtedza, chipeso chimene chinasowa kalekale, ndi waya wopita ku sitata, wothetheka, atapanidwa ndi mwendo wa mpando wakuchitseko. Munthu akatsamira kuchitsekoko, mbali ziwiri zodukazo zinkagundana. Simenti ndi alamu ankakhala pakatikati ngati mabwana.

Telala anagwada, anamugwira wayayo, n'kupumira m'mwamba. Koma a Sipanala chinawavuta china.

"Awa ankatsamira kuchitseko chifukwa cha manyazi, ndamva. Nanga inu mayi, mkazi wanga weniweni, miyezi yonseyi mumathawa chiyani?"

"Ovolosi yanuyo munaichapa liti?"

Akazi a telala anaseka mpaka kukhala pansi. A Sipanala anadzinunkhiza kukhwapa, n'kulumikiza waya uja ndi kumukulunga tepi. Ovolosiyo mayi anaiviika m'beseni madzulo omwewo, madzi ake n'kupha maluwa a pakhomo.

Gogo anayamba kulira ngakhale mpando uli wopanda munthu, koma mayi sanatsike. Ntchito anali ataizolowera. Kumatope ankatsika ndi ambulera n'kumalamula madalaivala a malole, "Wongolani matayalawo, achimwene, mukufuna tigone pano?" Ambiri ankayesa kuti galimotoyo ndi yawo, a Sipanala ndi waganyu.

Anakoka limodzi mpaka misewu ya matope ija inathiridwa tala, mawondo a a Sipanala nawo atayamba kukana kuponda kilatchi. Gogo anamuimika kuseri kwa nyumba, nkhuku n'kulowamo. Loweruka lililonse a Sipanala amapitabe kukamuliza kuti batire lisafe, ndipo thadzi lofungatira pampando wa dalaivala silisuntha, moti amapotokola kiyi ataimirira panja, dzanja atalowetsa pawindo.